Kuphunziranso Kumeza

Lolemba, 3 Marichi

Lero andichotsa m'chipinda cha odwala mwakayakaya n'kundibweretsa kuwodi ya amayi ochitidwa opaleshoni. Bedi langa lili pafupi ndi sinki. Mwana wanga wamkazi wandisiyira kope ndi cholembera, akuti ndisiye kuvutitsa anamwino ndi mafunso.

Ndilembe mwadongosolo. Masiku angapo apitawo, Lamlungu, tinkadya nkhomaliro kunyumba banja lonse. Ndinatsamwa ndi fupa la nkhuku. Linakaima m'njira ya chakudya ndipo linang'amba pang'ono. Adokotala analichotsa n'kusoka pamene panang'ambikapo. Kuchokera tsiku limenelo palibe chimene chalowa pakamwa panga. Chakudya changa chili m'thumba lapulasitiki lokoleka pamtengo wachitsulo wa mateyala, chamadzimadzi, mtundu wake ngati tiyi wamkaka, ndipo chimayenda m'chubu cholowa pamphuno mpaka m'mimba. Mankhwala: ophera tizilombo kudzera m'diripi, ndi ochepetsa ululu. Thupi silikutentha.

Ndili ndi zaka 58. Ndinapuma ntchito yoyendera masikelo m'masitolo ndi m'misika, kuona ngati kilogalamu ya wogulitsa ilidi kilogalamu. M'chipatala ndinagonamo pobereka pokha.

M'wodi muno mayina amatsala pakhomo. Munthu amatchedwa ndi chimene anamuchotsa. Kumanja kwanga kuli aNdulu, mayi wathupi ndi wamawu, wogulitsa nsapato, amene bala lawo likuchedwa kupola chifukwa cha shuga. Anangoyang'ana chubu changa kamodzi.

"Takulandirani, aChitamba. Tinkasowa njovu m'wodi muno."

Kuseka kumakoka ulusi pabala. Ndasekabe.

Lachitatu, 5 Marichi

Alendo sabwera chimanjamanja, ngakhale kwa munthu wosadya. Alamu anga abwera ndi mpunga ndi nkhuku. Nkhuku! Atatsegula kontena n'kukumbukira, anaitseka msanga ngati muli njoka. ANdulu anatambasula dzanja.

"Bweretsani kuno mdaniyo, alamu, timulange."

Anamulangadi mpaka mafupa. Anesi aakulu atayeza shuga wawo masana anaima manja ali m'chiuno, ndipo aNdulu anayang'ana kudenga ngati mwana wasukulu.

Amuna anga amabwera nthawi iliyonse ya alendo. Anali dalaivala wa basi, ndipo kunyumba amayankhula ngati wailesi yothyoka batani lotsekera. Kuno amanong'ona. Atapatsidwa nthochi anakana, akuti adya kale.

Lachisanu, 7 Marichi

Kujambula. Anandiimika kutsogolo kwa makina, anandipatsa kapu ya mankhwala oyera ngati mkaka, kakomedwe kake ngati choko, onse n'kupita kuseri kwa khoma. Mawu anatuluka pasipika: "Mezani." Ndinameza. "Mezaninso." Ndinamezanso.

Masana adokotala a opaleshoni anabwera akumwetulira. Posokapo papola, palibe podontha. Ndiyambe madzi ndi sipuni, mawa yogati, Lolemba chubu chichoke.

Anesi anabweretsa kapu. Wodi yonse inadzuka n'kukhala tsonga. Amuna anga anavula chipewa. Kunangoti zii. Ndinaika madzi m'kamwa, ndipo madziwo anakhala momwemo. Mmero unatseka ngati geti. Ndinalavulira musinki.

"Yesaninso, aChitamba! Tili nanu!"

Ndinayesanso, ndinalavulanso.

Ndikuganiza kuti pali potupa pamene chithunzi sichinaonetse.

Lamlungu, 9 Marichi

Madzi: ayi. Yogati: ayi, anadya aNdulu. Alamu akuti nditseke mphuno. Amayi a bedi la pakona akuti ndiweramitse mutu. Mwana wanga akuti ndingolimba mtima. Aliyense ali ndi njira yake, ndipo aliyense amaimirira pafupi kuti aone ngati yagwira.

Sikelo ya m'wodi ikuti ndatsika ndi makilogalamu anayi. Ndaisuzumira kunsi. Chidindo chake n'chakale, koma siikunama.

Lachiwiri, 11 Marichi

Dzulo anandilowetsa kamera kummero. Lero adokotala anakoka mpando n'kukhala, zimene madokotala sachita nkhani ikakhala yaifupi.

"Amayi, njira ndi yotseguka. Palibe potupa, palibe pothina."

"Ndiye chikutseka n'chiyani?"

"Ndikuganiza kuti ndi mantha. Thupi likukumbukira fupa lija."

"Ine sindikuopa kanthu, adokotala. Vuto lili kummero."

"Mmero wanu ndauona ndi maso anga. Ndi wokongola kuposa wanga."

Kenako ananena mosazungulira. Chubu cha pamphuno sichingakhale mpaka kalekale, chayamba kale kupala mkati. Ngati pofika kumapeto kwa mwezi uno sindikudya ndi pakamwa, adzaboola pamimba n'kuikapo china, ndipo ndidzapita nacho kunyumba. Akufuna ndiyambe kuonana ndi katswiri wa zamaganizo, awiriwiri, kukambirana.

Kukambirana. Mmero wosokedwa ndi ulusi akufuna autsegule ndi macheza. Ndavomera chifukwa umboni uli mbali yawo: iwo ali ndi zithunzi, ine ndilibe ngakhale chimodzi.

Amuna anga anadikira kuti adokotala atuluke, n'kuwerama.

"Mayi, ndiye kuti… akuti mutu?"

"Akuti mantha, abambo."

"Inu? Amene munalanda sikelo ya wogulitsa nyama, mwiniwake chikwanje chili m'manja?"

"Ine ndemwe."

Anapukusa mutu. "Dziko latha."

Lachitatu, 12 Marichi

Ndakonzekera. Mwana wanga wandipezera zowerenga pafoni, ndipo ndawerenga tsiku lonse. Njira zothandizira zilipo zingapo, zina zili ndi kafukufuku wokhutiritsa, zina n'zongonena. Mafunso a tsiku loyamba ndi odziwika: ubwana, banja, tulo, mowa, matenda akale. Ndakonza mayankho onse, aafupi ndi olondola, kuti tisatayitsane nthawi. Ndikakhoza bwino, mwina ulendo umodzi ukwana.

ANdulu nawonso andiphunzitsa. Katswiriyo amawatcha aMafunso.

"Mukawafunsa nthawi, amakufunsani kuti, 'Inuyo mukuganiza kuti ndi nthawi yanji?' Mverani ine, anzanga. Mukangolowa, lirani. Lirani kwambiri, mamina mbwee. Akaona misozi amakumasulani msanga."

"Inu munapitako?"

"Ayi, koma ndimamva."

Lachinayi, 13 Marichi

Ulendo woyamba.

Chipindacho chili kumapeto kwa khonde, kupitirira kochapira. Ndinakankha mtengo wanga wa chakudya mpaka kumeneko. Ndinkayembekezera kabedi kogonapo ngati ka m'mabuku. Mulibe. Muli mipando iwiri yofanana, katebulo, bokosi la matishu, ndi duwa la m'chitini limene likufunika katswiri wakewake. AMafunso ndi mayi wa zaka za m'ma 40, wovala nsapato zansalu, wopanda jasi loyera. Anandifunsa mpando umene ndikufuna. Ndinaima kuganiza kuti yankho lolondola ndi liti, kenako ndinaona kuti umodzi wokha ndi umene uli ndi malo oimikapo mtengo.

Anayamba ndi malamulo a ntchito yawo, ndipo zimenezi zinandisangalatsa. Tizikumana kawiri pamlungu, osapitirira ola. Zimene ndinene zitsala m'chipindamo, amuna anga sadzauzidwa, ana ayi. Adokotala adzangomva kuti tikukumana ndi mmene kudya kukuyendera. Chinsinsi angachiswe pokhapokha ataona kuti moyo wanga kapena wa munthu wina uli pangozi, ndipo angayambe kuuza ine. Funso limene sindikufuna kuyankha ndingathe kulikana. Ndikaona kuti sitikugwirizana ndinene, andipezera wina, sakhumudwa.

"Muli ndi mafunso?"

Ndinali nawo. Anaphunzira chiyani, kwa zaka zingati, anathandizapo anthu a vuto ngati langa, nanga zinatha bwanji. Anayankha onse mosabisa. Ambiri anayambanso kudya, ena msanga, ena mochedwa. Tsiku sangalonjeze. Sanandibwezere funso ngakhale limodzi. ANdulu ananama.

Kenako ndinapereka lipoti langa: fupa, kutalika kwake, pamene linaima, opaleshoni, mankhwala. Anamvetsera mpaka kumapeto osandidula.

"Mwandifotokozera bwino za fupa, za mmero, za adokotala," anatero. "Nanga inu munali kuti?"

"Pampando."

"Zinali bwanji pampandopo?"

Limeneli sindinalikonzekere. Tinakhala chete. Iwo kukhala chete sikuwaopsa. Anangokhala, manja ali pamiyendo, ngati munthu wodikira basi imene akudziwa kuti ibwera ndithu. Ine ndinayang'ana duwa. Pomaliza ndinati, "Funso lotsatira." Anati, "Chabwino," n'kupitadi pa lotsatira.

"Mukufuna kuti pomaliza tidzakhale titakwanitsa chiyani?"

"Chubu chichoke."

"Chikachoka mudzayamba kudya chiyani?"

"Buledi wootcha, wopaka majarini, woviika mu tiyi." Ndinayankha ndisanaganize, ndipo malovu anadzaza m'kamwa.

Potuluka ndinafunsa ngati ndakhoza. Anaseka. "Kuno kulibe mayeso, amayi. Koma ndikuchenjezeni, mwina mawa mudzakhala wotopa kapena wokwiya popanda chifukwa. Zimachitika."

Pabedi ndinapeza amuna anga atavala shati yosita, atakhala chowongoka ngati ali m'khoti.

"Mwandinena?"

"Mwatchulidwa kamodzi."

"Pa nkhani yanji?"

"Andifunsa ngati ndili pabanja."

"Ndiye mwati chiyani?"

"Ndati ndikuganizabe."

Kwa nthawi yoyamba chibwerereni kuno aseka mokweza, mpaka anesi anasuzumira.

Lachisanu, 14 Marichi

Kutopa. Mutu. Ndakalipira mwana wanga chifukwa cha pilo. Dzulo sindinanyamule kanthu, ndinangokhala pampando. Sindikumvetsa. Madzi: ayi.

Lolemba, 17 Marichi

Ulendo wachiwiri. AMafunso anandijambulira papepala mmene mantha amagwirira ntchito. Thupi likamva ngozi, minofu ya pakhosi imakungika, m'kamwa mumauma, munthu amamva ngati mmero watseka. Kumva kumeneko kumawonjezera mantha, manthawo n'kuwonjezera kukungika, n'kumangozungulira. Kulavula kumabweretsa mpumulo, ndiye thupi limaphunzira kuti kulavula ndiko kunalipulumutsa. Izi n'zomveka. Akanayamba nazo Lachinayi.

Anandipempha kuti ndiziyeza mantha anga kuyambira ziro mpaka teni. Ndinawauza kuti sikelo yotere ine sindingaidinde. Ilibe mwala woyesera, ndipo faifi wanga sangafanane ndi faifi wa aNdulu.

"Sitikugulitsa kwa aNdulu," anatero. "Tikungofuna kuona ngati faifi wanu wa lero adzatsike mawa."

Ndinaganiza, ndinavomera. Sipuni ya madzi m'kamwa: naini.

Andipatsa ntchito yokachita. Ndisayese kumeza chilichonse. Ndingoyendera mmero wanga ngati mmene ndinkayendera msika, mwakachetechete, n'kuona nthawi zimene ukugwira ntchito wokha.

Lachitatu, 19 Marichi

Zotsatira. Malovu ndimameza tsiku lonse, powerenga, poyankhula, ngakhale m'tulo, apo ayi pilo akanadzuka atanyowa. M'mawa uno potsuka mano kubafa ndameza madzi pang'ono mwangozi, ndipo sindinafe. Ndakumbukiranso tsiku lojambula lija: ndinameza kapu ya choko popanda vuto. N'chifukwa chiyani pamenepo zinatheka? Sindikudziwa. Funsoli landisangalatsa kuposa mmene liyenera kusangalatsira munthu wodwala.

ANdulu akudandaula kuti chiyambireni kupita kwa aMafunso sindinabwereko ndi nkhani.

"Ola lathunthu, anzanga, n'kutuluka chimanjamanja? Ngakhale kamiseche kamodzi?"

"Ndi chinsinsi."

"Chinsinsi chimasungika bwino mukachigawa pawiri. Theka ndikusungireni ine."

Lachinayi, 20 Marichi

Ndinapita ndi zotsatira zanga, ndinazifotokoza monyada. AMafunso anafunsa, "Kubafa ndi kojambula. Malo awiriwa akufanana chiyani?"

Matailosi, ndinatero. Kuzizira. Kuimirira. Kenako ndinasiya kutchula, chifukwa ndinali nditaona. Kubafa ndinali nditakhoma chitseko. Kojambula onse anapita kuseri kwa khoma.

"Kunalibe wondiyang'ana."

"Tibwerere pampando paja, ngati mukufuna. Mukati tiime, tiima."

Ndinabwerera. Ndinali pakati pofotokoza nkhani yoseketsa, anthu akutafuna, akuseka, mafoloko akulira pambale. Kenako fupa. Ululu sindikuukumbukira kwenikweni. Ndikukumbukira kuti phokoso lonse linazima nthawi imodzi. Aliyense anasiya kutafuna. Nkhope zonse za anthu anga zinatembenukira kwa ine, kukamwa kuli yasa, ndipo pankhope ya amuna anga ndinawerengapo kuti ndikufa. Kufikira pamenepo ndinkaganiza kuti ndingotsokomola basi.

Ndiye m'wodi muno ndikanyamula sipuni, anthu abwinowa amasiya zonse, amakhala chete, amandiyang'ana ndi chikondi chawo chonse. Amandiyalira tebulo lomwe lija.

Ndinalira. Osati mwa njira ya aNdulu, zinangobwera zokha. Kulira uli ndi chubu pamphuno ndi ntchito yauve, matishu anatha theka la bokosi. AMafunso sananene kuti musalire, sanandigwire paphewa, sanayang'ane wotchi. Nditamaliza anafunsa kuti ndikumva bwanji. Ndinafufuza yankho loona.

"Njala," ndinatero.

Lachisanu, 21 Marichi

Dzulo tisanasiyane tinakonza makwerero: kunyowetsa milomo, sipuni ya madzi, tiyi, yogati, nthochi yophwanya, kenako zotafuna. Sindikwera khwerero lina mpaka nambala ya limene ndilipo itatsika. Anesi azikhala pafupi, koma atatembenuka. Chotsala n'changa: kuuza anthu chimene ndikufuna. Ndazindikira kuti kutseka sitolo ya munthu n'kosavuta poyerekeza ndi kupempha.

Ndinaima pakati pa wodi ndi mtengo wanga ngati mlaliki.

"Anzanga, ndikamayesa kumwa, chonde musamandiyang'ane."

Anamvera mopitirira. Nditanyamula sipuni, amayi onse anayang'ana kudenga, ali chete ngati pamaliro, wina atafunda bulangete mpaka kumutu. ANdulu ankandiyang'anira pakagalasi kawo.

"Ndakuonani, aNdulu."

"Ndikuona chiphuphu changa ine!"

Ndinawafotokozera kuti mdani wamkulu ndi kukhala chete. Ndikufuna phokoso. Nkhope ya aNdulu inawala.

"Mukanatero kale! Phokoso ndiye ntchito yanga."

Anayamba nkhani ya kasitomala wina amene anagula nsapato ziwiri za kumanzere, n'kubwerera patapita mwezi kudzadandaula kuti msewu wa kwawo wayamba kukhota. Amayi a pakona anati bodza. ANdulu analumbira. Wina analowerera kuti iye anamuonapo munthuyo akuzungulira msika. Anesi anali pasinki kusamba m'manja moyera kale. Pakati pa mkanganowo sipuni ya madzi inatsika. Ndinamva kuzizira kwake mpaka pachifuwa.

Sindinauze munthu. Ndinamwa ina. Seveni, kenako sikisi.

Loweruka, 22 Marichi

Madzi theka la kapu, pang'onopang'ono. Masana tiyi wopola. Ndinali nditaiwala kuti tiyi ali ndi fungo limene limabwerera kumphuno ukameza. Anesi akulemba zonse mobisa ngati akuba. Nkhani za aNdulu zikukula tsiku ndi tsiku, kasitomala uja tsopano anakwatira mkazi wa nsapato ziwiri za kumanja.

Lamlungu, 23 Marichi

Yogati, nthawi ya alendo. Ndinatsokomola, wodi inazima, ndinalavula. Teni. Sindikufuna kulemba.

Lolemba, 24 Marichi

Ndinauza aMafunso kuti tabwerera poyambira ndipo mwezi ukutha. Anafunsa kuti chinachitika n'chiyani nditatsokomola. Ndinati palibe.

"Ndiye mwatsokomola, n'kukhalabe moyo."

Akuti kubwerera m'mbuyo kumachitika pafupifupi kwa aliyense, ndipo titsike khwerero limodzi, osati makwerero onse. Kenako anafunsa amene analipo dzulo. Amuna anga. Chiyambireni makwerero ndinkayesa iwo atapita, ndipo sindinazindikire kuti ndinkachita dala. Ndinafotokoza kuti bamboyo anasintha: kunong'ona, kukana chakudya, lamba anamuboola bowo latsopano. Ndinafunsa kuti ndiwachite chiyani.

"Iwowo akuti chavuta n'chiyani?"

"Sindinawafunse."

"Mmm."

"Mmm ameneyo ndiye malangizo?"

"Malangizo ndilibe. Amuna anu mumawadziwa ndinu."

Apa aNdulu ananenako zoona pang'ono.

Lachiwiri, 25 Marichi

Ndinakoka makatani kuzungulira bedi.

"Abambo, chakudya chenicheni munadya liti komaliza?"

"Ndimadya."

"Musandinamize. Thalauzi likukugwani."

Anazunguza chipewa m'manja nthawi yaitali.

"Nkhuku ija ndinadula ndine, mayi. Mpeni unali wobuntha, ndinachita kuphwanya. Munali mutandiuza kale kuti ndikanoletse."

Ndinayamba kuwafotokozera kuti mafupa a nkhuku amathetheka ngakhale mpeni uthwe bwanji, kuti ndawerenga, kuti zimachitika m'nyumba zambiri. Sanamve ngakhale liwu limodzi. Ndiye ndinayesa njira ya m'chipinda cha mipando iwiri chija: ndinatseka pakamwa n'kudikira. Zinatenga nthawi, koma zinabwera. Anayankhula za tsiku lija, za galimoto imene inkakana kulira, za benchi la pakhonde la chipinda cha opaleshoni, za nyumba imene ilibe wowakalipira.

"Ndikaika chakudya pakamwa ndimaona inu," anatero. Analira ngati mwana, munthu waimvi.

Ndinawapatsa thishu. "Ndikufuna thandizo lanu. Ndikufuna mudye pano, mwaphokoso, ngati kunyumba."

"Ndikakuyang'anani ndimaopa."

"Nanenso ndikakuyang'anani ndimaopa."

Nzeru inachokera kwa iwo. M'basi, akuti, anthu amadya mosavutika chifukwa aliyense amaona msana wa mnzake. Tinakhala pabedi motsamirana misana, iwo kuyang'ana kukhoma ndi buledi ndi mazira owiritsa amene alamu anasiya, ine kuyang'ana kusinki ndi yogati wanga. Anesi anaima kunja kwa katani. Ndinkamva pamsana panga iwo akutafuna, akumeza. Dzira lachiwiri litalowa, wailesi inatseguka: denga la kukhitchini likudontha, mkamwini anabwereka wilibala osabweza, ndipo ine shuga ndinamubisa kuti?

"Ali m'chitini cholembedwa kuti mchere."

"Nanga mchere?"

"M'chitini cha tiyi. Zaka zonsezi simudziwa?"

"Nanga tiyi, mayi? Ndi khitchini kapena ndi msampha?"

Nditayang'ana pansi, yogati anali atatha.

Kuseri kwa katani aNdulu anafunsa, "Tiombe m'manja kapena tisaombe?"

"Musaombe!"

Anaomba.

Lachinayi, 27 Marichi

Nthochi yophwanya, supu, dzira lofewa, ndi buledi wootcha woviika mu tiyi. Manambala sakupitirira faifi. Adokotala alamula kuti chakudya cha m'thumba achichepetse kuti njala izindithandiza.

AMafunso akuti chubu chikachoka tisasiyire pomwepo. Ndizidzabwera kuchokera kunyumba kamodzi pamlungu, chifukwa kudakali tebulo lalikulu, alendo, ndi nyama. Ndinafunsa ngati mantha adzathe onse. Anati mwina adzatsalako pang'ono, ndipo munthu amadya nawo. Ndinawauza kuti poyamba ndinkaona ngati ntchito yawo ndi macheza chabe. Anati ambiri amatero. Ndinawauzanso kuti duwa lawo likufa ndi madzi ochuluka, osati ochepa. Zimenezo ndi zokhazo zimene ndawaona akulemba mofulumira.

ANdulu atuluka lero, bala lapola. Anandikumbatira mozemba chitamba.

"Mukadzabwera kusitolo ndidzakupatsani ya kumanja ndi ya kumanzere. Zimenezi sindichitira aliyense."

Wodi yachepa. Phokoso latsala la amuna anga okha, koma likukwana.

Loweruka, 29 Marichi

Lero tinadya moyang'anana. Mpunga wofewa ndi msuzi. Sikisi. Ndinadyabe.

Ali pakati potolera mbale amuna anga anafunsa, osandiyang'ana, "Kodi aMafunso anuwo amalandiranso amuna?"

Ndinati ndikukhulupirira kuti amalandira, koma iwo awapezera wina, chifukwa amenewa ndi anga.

"Nanga munthu amakanena chiyani kumeneko?"

"Inuyo mukuganiza kuti amakanena chiyani?"

Anandiyang'ana, n'kukweza manja kumwamba. "Andionongera mkazi, anthu inu!"

Lolemba, 31 Marichi

Tsiku limene adokotala ananena. Anabwera ndi gulu lawo la ophunzira, onse ovala zoyera, n'kuzungulira bedi. Anawerenga zimene anesi akhala akulemba, anabwerezanso.

"Pepala likuti mukudya, amayi. Koma ndisanachotse chubu ndiyenera kuona ndi maso anga."

Anesi anandipatsa kapu ya madzi ndi chidutswa cha buledi. Ophunzira anayandikira. Kunangoti zii. Amuna anga anatsegula pakamwa kuti ayambe nkhani ya wilibala, koma mawu sanatuluke. Pakhosi panakungika. Eyiti.

"Adokotala, ndikuopa," ndinatero. "Ndipatseni kanthawi."

"Tengani nthawi yanu."

Ndinapuma mpweya, ndinautulutsa pang'onopang'ono. Ndinayang'ana nkhope zonse, imodzi imodzi. Zinali nkhope za ana a anthu amene sanadye chakudya cha m'mawa. Ndinaluma buledi, ndinatafuna, ndinameza. Ndinamwera madzi. Ndinalumanso popanda wondiuza.

Adokotala anatseka faelo. "Anesi, chotsani."

Anamatula pulasitala, anati ndipume kwambiri, n'kukoka. Sizipweteka, koma chinthucho n'chachitali kuposa mmene munthu angaganizire, chimangotuluka, kutuluka, ngati sichitha. Ndinayetsemula katatu, misozi ili chuchuchu. Amuna anga anandiyang'ana pankhope nthawi yaitali.

"Mayi, mphunoyi inali yaing'ono chonchi kale?"

Pamimba saboola. Mawa ndikupita kunyumba, Lachinayi ndibwerera kwa aMafunso ndi miyendo yanga. Ndikulemba ndi dzanja limodzi, kope lili pabondo, chifukwa linalo lagwira nthochi. Zilembo zikupendama. Zipendame.